NSOMBA ZACHILENDO NDI TSOGOLO LA MITSINJE YA KU PHALOMBE



Nkhani ya lero ndi ya nsomba, makamaka nsomba zimene zimatengedwa ku maiko ena kapena ku madzi ena nkudzaikidwa m'madamu ndi m'mitsinje momwe sizidabadwiremo. Ena angaganize kuti nkhaniyi ndi ya akatswiri a ku Domasi ndi a m'sukulu za ukachenjede okha, koma zoona zake nzakuti ikukhudza mayi aliyense amene amagula mulu wa matemba pa msika wa Migowi kapena wa Chiringa, ndiponso msodzi aliyense amene amakocheza bwato lake pa Swang'oma. Masiku ano alimi ambiri akukumba madamu owetera nsomba, ndipo Boma likuwalimbikitsa kutero pakuti nsomba za m'nyanja zokha sizikukwanira anthu onse a m'dziko muno. Ntchito imeneyi njabwino ndipo iyenera kupita m'tsogolo. Koma pali funso limene liyenera kuyankhidwa mlimi asanathire madzi m'damu lake: kodi m'damumo mulowa nsomba ya mtundu wanji, ndipo mbewu yake yachokera kuti?

Kuti kulemera kwa funsoli kumveke, nkofunika kuyamba ndi kayendedwe ka madzi a m'boma la Phalombe. Mvula ikagwa pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, madzi a mbali ya kumpoto amatsikira m'chigwa kudzera m'mitsinje monga Phalombe ndi Sombani, ndipo ulendo wawo umakathera m'nyanja ya Chilwa. Kumeneko amakumana ndi madzi a Likangala, Thondwe ndi Domasi ochokera ku dera la Zomba, komanso a Mnembo ochokera ku Mozambique. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Chilichonse chimene chalowamo chimakhala momwemo, kaya ndi dothi lokokoloka m'minda, kaya ndi mankhwala, kaya ndi nsomba yothawa m'damu la munthu. Nyanjayi njosaya, pakuti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita atatu, ndipo yazunguliridwa ndi madambo aakulu a njedza momwe asodzi amamangamo zimbowera zawo.

Usodzi wa pa Chilwa udatsamira pa mitundu itatu ya nsomba, yomwe ndi matemba, milamba ndi makumba, amene anthu a m'mbali mwa nyanjayi amawatchulanso kuti chambo. Makumba a ku Chilwa akatswiri amawasiyanitsa ndi abale awo a mu Shire ndi m'nyanja ya Malawi, ndipo adawapatsa dzina lakuti Oreochromis shiranus chilwae, pakuti adazolowera madzi amatope ndi amchere pang'ono a nyanja imeneyi. M'zaka zabwino Chilwa yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zophedwa m'Malawi. Boma la Phalombe, limene lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, lidapezeka ndi anthu oposa 400,000 pa kalembera wa m'chaka cha 2018, ndipo ambiri mwa iwowa ndiwo yankhuli imene amaikwanitsa tsiku ndi tsiku ndi matemba ouma. Kufunika kwa nyanjayi kudadziwika ngakhale kunja, kotero kuti idakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa pangano la Ramsar loteteza madambo.

Chimene chimasiyanitsa Chilwa ndi nyanja zina nchakuti imaphwa. Idaphwa m'chaka cha 1968, idaphwanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mbali yaikulu idasanduka dongo long'aluka pomwe mabwato adangokhala pamtunda. Madzi akamachepa mchere umachuluka ndipo nsomba zambirimbiri zimafa. Komabe mvula ikabwerera nsomba nazonso zimabwerera popanda wina kudzazithiramo zonse ndi ndowa. Kafukufuku amene University of Malawi idachita pa nyanjayi kuyambira 1966 mpaka 1976, yemwe zotsatira zake zidatuluka m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake m'chaka cha 1979, adaonetsa komwe nsombazo zimachokera. Zotsala zimabisala m'maiwe akuya a m'mitsinje, m'mathiriro ake ndi m'madambo, ndipo madzi akasefukira zimatsikira m'nyanja nkuyamba kuswana. Milamba ndi matemba zimabwerera msanga, pamene makumba amatenga nthawi yotalikirapo kuti achulukenso.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mtsinje wa Phalombe, wa Sombani ndi dziwe la Mpoto ndi nkhokwe zosungiramo mbewu ya nyanja ya Chilwa. Mafumu adachizindikira chimenechi pa chilala cha 1995, pomwe adagwirizana ndi Dipatimenti yoona za Nsomba kukhazikitsa makomiti a m'midzi olondera maiwe a m'mitsinje kuti anthu asathiremo katupe kapena kukokamo makoka. Ntchito imeneyo idathandiza kuti nsomba zibwerere m'nyanja. Tsono mlimi aliyense amadziwa kuti chimene chasungidwa m'nkhokwe ndicho chimamera m'munda. Ngati nsomba yachilendo italowa m'maiwe amenewa nkupirira nyengo ya chilala kuposa eni malo, ndiyo idzayambe kudzaza nyanja madzi akadzabwerera, makumba asanapezenso mphamvu. Kuphwa kwa nyanja, kumene nsomba za kuno zakhala zikukupirira kuyambira kale, kungasanduke khomo lolowera mlendo.

Nsomba zachilendo si nkhani yatsopano m'dziko muno. M'chaka cha 1906, nthawi ya atsamunda, nsomba yotchedwa rainbow trout idathiridwa m'timitsinje ta pa phiri la Zomba, ndipo pambuyo pake idakaikidwanso pa Mulanje ndi pa Nyika, cholinga chake chili chakuti azungu azisangalala powedza ndi mbedza. Nsomba ina yodya zinzake yotchedwa black bass, ya ku America, idaikidwa m'madamu ena a m'maesiteti a chigawo cha kummwera pa chifukwa chomwecho. Trout imafuna madzi ozizira kwambiri, choncho siidathe kutsikira m'chigwa chotentha cha Phalombe, ndipo kuzizira kwa phiri ndiko kudakhala mpanda wake. Umenewu udali mwayi chabe, pakuti ku Lesotho trout yomweyi yachepetsa kwambiri kansomba ka m'mapiri a Maloti, ndipo ku South Africa ma bass adatha tinsomba tating'ono ta zipsepse zofiira m'zigawo zambiri za mitsinje ya ku Cape.

Chitsanzo chapafupi ndi cha nsomba ya carp, yomwe idabwera kuchokera ku Israel m'chaka cha 1976 kuti iyesedwe pa ulimi wa m'madamu. Alimi amene adaiweta adaikonda chifukwa imakula msanga ndiponso imalemera. Koma carp imadya pofukula matope a pansi, ndipo potero imazula zomera za m'madzi, kudetsa madzi ndi kusokoneza malo amene nsomba zina zimaikirapo mazira. Poopa kuti ingadzalowe m'nyanja ya Malawi, momwe muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa ya m'nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, Boma lidaimitsa kugawa nsombayi kwa alimi m'chaka cha 1992. Alimi ena adadandaula, ndipo dandaulo lawo lidali lomveka, koma Boma lidayeza phindu la alimi ochepa ndi chuma cha mtundu wonse. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la kasungidwe ndi kayendetsedwe ka usodzi, lomwe limaletsa munthu kuthira m'madzi alionse nsomba yosakhala ya m'madzimo, kapena kusamutsa nsomba zamoyo kuchoka ku madzi ena kupita ku ena, popanda chilolezo cha mkulu wa Dipatimenti yoona za Nsomba.

Mtsogoleri amene akufuna kuti anthu alimvere lamuloli ayenera kudziwa zifukwa zake, pakuti lamulo losafotokozedwa anthu amalitenga ngati nkhanza. Njira zimene nsomba yachilendo imaonongera nsomba za eni dziko zilipo zinayi, ndipo iliyonse ili ndi umboni wake m'maiko oyandikana nalo dziko lino.

Njira yoyamba ndi kudya eni malo. M'zaka za m'ma 1950 nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch idathiridwa m'nyanja ya Victoria, yomwe ili pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Kwa zaka zoposa makumi awiri siidaoneke ngati vuto, ndipo amene adachenjeza adaoneka ngati amantha. Koma m'zaka za m'ma 1980 idachulukana modzidzimutsa, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta m'nyanjamo idasowa. Nzoona kuti mafakitale adatsegulidwa ndipo minofu ya nsombayi idayamba kugulitsidwa ku Ulaya. Koma munthu wosauka amene adazolowera kugula tinsomba touma pa mtengo wochepa sadapindule mofanana ndi mwini fakitale, ndiponso popeza nsombayi njamafuta ndipo siuma bwino padzuwa, mitengo yambiri idagwetsedwa kuti ipereke nkhuni zowambira. Phunziro lake nlakuti kuonongeka kotere kumachedwa kuoneka, ndipo kukaoneka nthawi yokonza imakhala itatha kale.

Njira yachiwiri ndi kulanda chakudya ndi malo oswanirana. Nsomba imene ikudetsa nkhawa kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi Nile tilapia, mbale wake wa chambo ndi makumba, yomwe kwawo ndi ku mtsinje wa Nile ndi madera ena a kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa. Nsombayi siidya zinzake, koma imakula msanga, imakhala yaikulu thupi, ndipo yaimuna imalanda malo abwino okumbapo zisa. M'nyanja ya Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, idafalikira m'zaka za m'ma 1990 kuchokera ku malo owetera nsomba, ndipo m'zaka zochepa idalowa m'malo mwa chambo cha eni dera chotchedwa Oreochromis mortimeri. Lero chambo chimenecho chili pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Palibe adachipha ndi mankhwala kapena ndi makoka. Chidangopanikizidwa m'madzi mwake momwe.

Njira yachitatu ndiyo yobisika kuposa zonse, ndipo ndi kusakaniza mtundu. Nile tilapia ndi makumba nza banja limodzi la Oreochromis, ndipo kaswanidwe kake nkofanana: yaimuna imakumba chisa pansi, yaikazi imaikira mazira nkuwafungatira m'kamwa mpaka ataswa. Nsomba za banja limeneli zikakumana zimatha kukwerana ngakhale zili za mitundu yosiyana. Mu mtsinje wa Kafue ku Zambia, Nile tilapia yothawa m'madamu m'zaka za m'ma 1980 idasakanizana ndi chambo cha kumeneko cha madontho atatu, ndipo mu Limpopo idasakanizana ndi chambo cha ku Mozambique. Msodzi amaonabe nsomba m'khoka mwake ndipo sadziwa kuti china chatayika, koma mtundu weniweni uja umakhala ukusungunuka pang'onopang'ono. Akatswiri akuopa kuti zomwezo zingachitikire makumba a ku Chilwa. Chimene chingatayike pamenepo ndi mphamvu imene makumbawa adaipeza m'mibadwo yosawerengeka yopirira mchere, matope ndi kuphwa kwa nyanja, ndipo palibe ofesi kapena sitolo imene ingaibwezere.

Njira yachinayi ndi matenda. Nsomba yamoyo siyenda yokha, imanyamula tizilombo pakhungu, m'matumbo ndi m'madzi a m'chigubu momwe yatengedwera. Ku South Africa nyongolotsi ya m'matumbo ya ku Asia idalowa pamodzi ndi mtundu wina wa carp, ndipo idakagwira nsomba za eni dziko mu mtsinje wa Vaal. Matenda a zilonda za nsomba odziwika ndi dzina lakuti EUS, amene kale adali a ku Asia ndi Australia, adaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2006 m'dera la mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, ndipo m'chaka cha 2020 adapezeka ku Mchinji, kotero kuti Boma lidaletsa kwa kanthawi kupha ndi kusamutsa nsomba m'deralo. Matemba ndi milamba zili m'gulu la nsomba zimene matendawa amagwira. Nchifukwa chake lamulo silinena za nsomba zakunja zokha, koma limaletsanso kusamutsa nsomba zamoyo mwachisawawa ngakhale m'kati mwa dziko lomwe lino.

Chilungamo chikufuna kuti mbali inayo imvekenso, pakuti alipo amene amafunsa kuti: kodi palibe nsomba yachilendo imene idapindulitsa anthu? Ilipo. M'zaka za 1967 ndi 1968 kapenta adatengedwa ku nyanja ya Tanganyika nkukathiridwa mu Kariba, ndipo adakhala maziko a usodzi waukulu umene udalemba anthu ntchito ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Koma Kariba ndi nyanja yopangidwa ndi anthu potseka mtsinje wa Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pakati pake padali popanda nsomba yodziwa kukhala m'madzi akuya otambalala. Kapenta adapeza nyumba yopanda mwini. Mitsinje ya ku Phalombe ndi nyanja ya Chilwa zili ndi eni ake kale, ndipo malo alionse ali ndi nsomba imene imadyapo. Komanso kapenta yemweyo sadakhale pamene adaikidwa, koma adatsika ndi Zambezi nkukakhazikika m'damu la Cahora Bassa ku Tete, popanda wina kumutuma. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, koma mwambi umenewu sugwira ntchito pa nsomba, pakuti imene yaswana mu mtsinje siichokanso.

Dandaulo la mlimi wa nsomba nalonso liyenera kumvedwa mwaulemu. Iye amati makumba amachedwa kukula, amayamba kuswana akadali aang'ono, damu limadzaza ndi tiana, ndipo pokolola amapeza nsomba zosapitirira chikhatho. Akamva kuti anzake a ku Zambia akuweta Nile tilapia yolemera bwino m'miyezi yochepa, mtima wake umakopeka, ndipo munthu wobwera ndi mbewu ya m'chigubu amaoneka ngati mpulumutsi. Vutoli nloona, koma mankhwala ake alipo m'dziko momwe muno. Malo a Boma a ulimi wa nsomba ku Domasi, omwe adayamba ntchito m'zaka za m'ma 1950, akhala akusankha makumba okula msanga kuti akhale makolo a mbewu yabwino, ndipo akatswiri a ku Bunda akhala akufufuza za zakudya ndi kaweteredwe. Mlimi amene amathira manyowa m'damu, kudyetsa gaga kapena chakudya chopangidwa pa nthawi yake, kupewa kuthithikana kwa nsomba, ndi kuweta zazimuna zokha kumene nkotheka, amakolola zochuluka kuposa amene amangothira mbewu nkuchoka. Aliponso chilunguni, chomwe chimadya masamba, ndiponso mlamba, womwe umakula msanga ndipo msika wake ulipo.

Chifukwa chimene boma la Phalombe liyenera kusamala kuposa maboma ena nchodziwika kwa aliyense amene adakhalako. M'mwezi wa Malichi 1991 napolo adatsika pa phiri la Michesi nkukokolola midzi, minda ndi milatho, ndipo anthu mazanamazana adataya miyoyo. M'chaka cha 2019 kudagwa mvula yoopsa ya namondwe wa Idai, m'chaka cha 2022 kudabwera Ana ndi Gombe, ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi kumiza chigwa. Madzi amene amanyamula miyala yaikulu ngati nyumba sangalepheretsedwe ndi khoma la dothi la damu la nsomba. M'dera lotere damu lililonse liyenera kuwerengedwa ngati mbali ya mtsinje, pakuti tsiku lina madzi adzalumikiza ziwirizi. Mlimi amene akunena kuti nsomba zake zachilendo nzotsekeredwa bwino akulonjeza chinthu chimene sangathe kuchisunga. Damu limodzi lokha la m'mphepete mwa Phalombe kapena Sombani nlokwanira kusintha nsomba za nyanja yonse ya Chilwa.

Ngoziyi siili kutali. M'chaka cha 2013 akatswiri adalengeza kuti apeza Nile tilapia m'madamu ndi m'kanyanja kena ka ku Tanzania, m'dera lomwe madzi ake amatsikira m'nyanja ya Malawi. Nsombayi ikuwetedwa ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, ndipo Phalombe ali m'malire momwe anthu amaoloka tsiku ndi tsiku ndi njinga ndi katundu. Nkoyeneranso kukumbukira kuti madzi a mbali ya kummwera kwa phiri la Mulanje amatsikira mu Ruo, yemwe amakathira mu Shire pa Chiromo, ndipo kumpoto kwa Chilwa kuli nyanja ya Chiuta, yolekanitsidwa ndi mchenga wokha, yomwe madzi ake amapita ku Lugenda ndi Rovuma. Mathithi a pa Shire akhala akuletsa nsomba za ku Zambezi kukwera kupita ku nyanja ya Malawi kuyambira kalekale, koma mathithi saletsa galimoto yonyamula chigubu cha mbewu ya nsomba pa msewu wa Zomba ndi Liwonde.

Tsono ntchito ya atsogoleri ndi ogwira ntchito za Boma njotani? Choyamba, mlangizi aliyense ayenera kudziwa madamu onse a m'dera lake, mtundu wa nsomba zili m'menemo ndi komwe mbewu idagulidwa, ndipo zimenezi zilembedwe m'buku. Chachiwiri, mbewu igulidwe ku malo a Boma kapena kwa oswetsa nsomba ovomerezedwa ndi Dipatimenti yoona za Nsomba, osati kwa munthu wongodutsa amene akulonjeza nsomba yokula m'miyezi itatu. Chachitatu, mabungwe othandiza anthu amene amabwera ndi mapulojekiti a madamu, makamaka pambuyo pa ngozi za madzi osefukira, aonetse chilolezo ndi gwero la mbewu yawo ku khonsolo ya boma asanagawe kanthu, pakuti cholinga chabwino sichisintha khalidwe la nsomba. Chachinayi, ogwira ntchito m'malire adziwe kuti nsomba yamoyo ya m'chigubu ndi katundu wofunika chilolezo monga momwe zilili ndi ziweto.

Kuzindikira nsomba yokayikitsa sikufuna maphunziro apamwamba. Nile tilapia ili ndi mizere yakuda yoimirira, yondondozana bwino, pa chipsepse chonse cha kumchira, pamene makumba alibe mizere yotere. Ndiponso pa chipsepse cha pansi choyandikana ndi mchira, makumba kawirikawiri amakhala ndi minga inayi, pamene Nile tilapia imakhala ndi itatu. Carp imadziwika ndi tindevu tating'ono ta m'mbali mwa kamwa ndi chipsepse chachitali cha pamsana. Msodzi kapena mlimi amene wapeza nsomba yotere asaibwezere m'madzi ndipo asaipereke kwa mnzake kuti akawete, koma aisunge nkukaionetsa kwa mlangizi wa za nsomba kapena ku komiti ya pa doko. Atsogoleri aonetsetse kuti munthu wobwera ndi uthenga wotere walandiridwa bwino, pakuti akaopsezedwa ena onse adzabisa, ndipo Boma lidzadziwa za mlendoyo ataswana kale. Mlimi amene adagula mbewu yachilendo mosadziwa athandizidwe kukolola zonse, kuumitsa damu lake ndi kuyambanso ndi mbewu yoyenera.

Pomaliza, sikungakhale kulungama kukankhira mavuto onse a mitsinje pa nsomba zachilendo. Kudula mitengo m'mapiri kukudzaza maiwe a m'mitsinje ndi mchenga, kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi kukugumula magombe, maukonde a udzudzu akukokolola ndi tiana tomwe, ndipo ena akupha matemba ndi milamba pa nthawi imene zikukwera mitsinje kukaswana. Zonsezi zimafooketsa nsomba za eni dziko, ndipo mtsinje wofooka ndiwo umagonja msanga kwa mlendo. Choncho kulemekeza nyengo yotseka nyanja, kusiya mpata wa udzu ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndi kulondera maiwe pa nthawi ya chilala ndi mbali ya ntchito yomweyi. Kusiyana kwake nkwakuti nkhalango ikadulidwa ingathe kubzalidwanso, khoka loletsedwa lingathe kulandidwa, koma palibe dziko limene lidakwanitsa kuchotsa Nile tilapia mu mtsinje waukulu itakhazikikamo. Madzi akatayika saoleka.

Mabwana ndi madona, nyanja ya Chilwa idzaphwanso, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo ikadzadzalanso idzalandira mbewu imene idzapezeke m'maiwe a Phalombe, a Sombani ndi a mitsinje inzake. Mbewu imeneyo ikusankhidwa lero, pa damu lililonse limene likukumbidwa ndi pa chigubu chilichonse chimene chikuoloka malire. Mfumu ikamapereka malo a damu, mlangizi akamalemba dzina la mlimi m'buku, ndi mkulu wa ku khonsolo akamasaina kalata ya pulojekiti, aliyense afunse funso lija la poyamba, lakuti nsombayi nja mtundu wanji ndipo yachokera kuti, ndipo asalole kuti madzi alowe m'damu yankho lisanamveke.